Mkamwini wa Mwendo Umodzi

Chitulukireni m'chipatala, a Jeremiah sanamvepo apongozi awo, a Nabanda, akufunsa kuti adzuka bwanji. Kale ankawanyadira. Mkamwini wawoyo anali wakabaza wodziwika pa Mikolongwe, ndipo ndiye anawafolerera nyumba ndi malata. Koma khansa ya m'fupa itawadulitsa mwendo wakumanzere, a Nabanda anayamba kulankhula ndi nkhuku pabwalo, mokweza, kuti tambala wosapalasa ntchito yake ndi ndiwo basi.

Madokotala anati matendawo atha, koma azipitabe ku Blantyre miyezi itatu iliyonse kukaunikidwa. Tsikulo likamayandikira, mtima wa a Jeremiah unkagunda ngati ung'ambika, mpweya kubanika. Namwino wina anawaikira pulogalamu pafoni. M'mawa uliwonse inkawafunsa mmene akumvera, kenako mawu a mayi wina ankawatsogolera kupuma pang'onopang'ono mpaka mantha ataphwa. Ankakhala pansi pa mtengo wa mapeyala, foni pakhutu, atatsinzina.

A Nabanda anaona zina. Anauza mwana wawo Ruth kuti mwamuna wake anapeza chibwenzi kuchipatala, ndipo amangomvera mawu ake dzuwa likuswa mtengo pamene iye akuthyoka msana kudimba. Ruth anafotokoza kawiri, katatu. Mayi ake sanamve.

Lachitatu lina m'mawa, mawa lake lili la ku Blantyre, Ruth ali kothirira tomato, a Nabanda anachita zimene mpongozi sachita. Anafika pamtengo paja, natsomphola foni m'manja mwa mkamwini wawo, naiponya m'ndowa ya madzi.

"Mkazi wanu wa m'foniyo akakusungeni," anatero. "Pano ndi panga. Mwana wanga sanakwatiwe kuti azilera munthu wandevu."

A Jeremiah anafuna kudzuka, koma ndodo inaterereka ndipo anagwa chammbali.

Ruth anawapeza ali pomwepo, thukuta lili kamukamu, akupuma mobanika. Anagwada, nagwira nkhope yawo ndi manja amatope. Mawu a m'foni aja anali atawamva kambirimbiri.

"Kokani mpweya, bambo a Thandie. Gwirani kaye. Tulutsani pang'onopang'ono. Ndili pompano."

Anabwereza mpaka chifuwa chawo chinakhazikika. Atapeza mawu, a Jeremiah anamupempha kuti awaperekeze kwa achemwali awo ku Likoswe. Anati mayi akunena zoona, iwo asanduka katundu, ndipo iye akadali wamng'ono, angathe kukwatiwanso.

Ruth anapita kukhitchini kwa mayi ake misozi ili mbwembwembwe.

"Amayi, mukudziwa chimene mwaponya m'madzimo? Mwezi wa Malichi ndinawapeza kuseri kwa bafa ali ndi botolo la mankhwala a tomato, atatsegula kale. Ndinawalanda, sindinauze munthu. Sabata yomweyo ndi pamene anesi anawaikira zija pafoni. Chiyambireni sanaligwirenso botololo. Tsopano akufuna kupita kwa achemwali awo, ndipo ine ndipita nawo."

A Nabanda anayang'ana masamba omwe ankadula, mpeni uli m'manja. Ruth anayembekezera kuti mtima wawo ufewa. Koma a Nabanda sanali munthu wobweza mawu pamaso pa mwana. Anati sanabereke mwana kuti adzafere munthu wobwera, ndipo akangotuluka naye pamudzipo, dimba lipita kwa mng'ono wake Easter.

"Mupatseni," anatero Ruth. "Pamene ankakukwezani panjinga kupita nanu kuchipatala ku Ndunde mukudwala, simunati ndi wobwera."

A Nabanda analowa m'nyumba mwawo, namenyetsa chitseko.

Mawa lake Ruth ananyamula chikwama chimodzi, nabereka Thandie kumbuyo. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pamsewu, a Jeremiah akupumula pamtengo uliwonse. Pamzere wa kuchipatala mantha anawagwiranso, ndipo Ruth anawanong'oneza mawu aja anthu akuyang'ana.

Madokotala sanapeze kanthu. A Jeremiah analira m'minibasi, nkhope ataibisa m'chipewa. Onse anatsikira ku Likoswe, kwa achemwali aja.

A Nabanda anamva za zotsatirazo patapita masabata awiri, kuchigayo, kwa mayi wina wa mpingo wawo amene ankayesa kuti akudziwa kale. Anavomera kuti inde, Mulungu ndi wabwino. Anasenza ufa wawo, ndipo atangodutsa pamlatho pomwe panalibe anthu, anatula thumba pansi, nakhalapo, nalira.