Kabatire ka M'makina a Shuga

Mumzere wathu wonse ku Wonderkop, ku Joni kuno, nyumba ya Che Hassani ndiyo tinkaloza tikamalangiza ana athu. Ine ndine Zainabu. Khomo langa linayang'anizana ndi lawo, ndiye zimene ndikuuzenizi sindinachite kutola kumsika ayi. Che Hassani anali a ku Mangochi, ankagwira ntchito ya kontirakiti pansi pa mgodi. Akazi awo, a Dalila, ankasoka zovala pakhonde. Mwana anali mmodzi yekha, Imrani, wobadwira konkuno, mnyamata wa sekondale, wokhoza masamu, wosajomba kumadrasa. Ukamuitana kamodzi, wafika kale manja ali kumbuyo.

Vuto m'nyumbamo linali limodzi. A Dalila ankadwala shuga, ndipo shuga wawo anali wachinyengo. Amatha kutsika osawachenjeza, munthu akuseka bwinobwino, kenaka n'kungoti khu pansi. N'chifukwa chake akukliniki anawapatsa kamakina koyezera. Amabaya chala, n'kuika kadontho ka magazi, nambala n'kutuluka. Kamakinako ndiko kanali maso awo.

Tsiku lina Imrani anatumidwa ku Zinniaville kukagula ulusi. Kumeneko anakumana ndi Munir, mnyamata wakwathu komwe, wokonza mafoni, pakamwa potsekemera ngati nzimbe. Munir anatulutsa m'dirowa kagemu kakalekale kogwira m'manja, kotuwa, kolemera ngati chidutswa cha njerwa.

“Mfana, za pafoni zija ndi za ana,” anatero Munir. “Gemu yeniyeni ndi iyi. Maloboti omenyana. Tenga ukayese, udzabweza ukatopa nayo.”

Atafika nako kunyumba, mayi ake anaseka mpaka kugwira nthiti. “Maloboti omenyana? Omwe aja a pamsewu, ofiira ndi obiriwira? Akamamenyana, magalimoto aima bwanji?”

Ine ndinali pomwepo, ndipo tonse tinaseka. Tikanadziwa, bwenzi titalira tsiku lomwelo.

Ndinene chilungamo, kagemuko sikanali koipa konsekonse. Imrani anandionetsa. Umayamba ndi kaloboti konyozeka. Ukagonjetsa mdani, umatengako mkono wake kapena miyendo yake n'kulumikiza pa kako, kenaka kako kamakula mphamvu. Sikafuna data, sikafuna netiweki, magetsi azime kaya asazime, iko kali pantchito. Kakagwa pasimenti, chosweka ndi simentiyo. Ndiponso kamafuna nzeru, si kungodinadina ayi.

“Anti, mdani aliyense muno ali ndi pofooka pake,” anandiuza maso ali mbee. “Wina ndi pabondo, wina ndi kumsana. Ukangopapeza, wamutha.”

“Nanga pako pofooka ndi pati?” ndinamufunsa.

Anangoseka.

Koma zofooka za kagemuko, abale inu! Galasi lake linalibe nyali, ndiye kuti uone bwino umayenera kukakhala padzuwa ngati buluzi. Ndewu ikayamba, kalibe poimitsira. Ukatembenuka kuti uyankhe munthu, loboti yako yadulidwa mutu. Ndipo kamadya mabatire ngati mbuzi yolowa m'dimba.

Oyamba kusowa anali mabatire a rimoti. Kenaka a tochi. Kenaka wailesi ya Che Hassani inangoti zii pakati pa nkhani. Mwana uja woitanidwa kamodzi anasanduka wa mawu amodzi okha: “Ndikubwera.” Madzi akatha, “Ndikubwera.” Nthawi ya swala ikakwana, “Ndikubwera.” Aphunzitsi a kumadrasa anabwera okha kudzafunsa ngati akudwala.

Che Hassani anamukhazika pansi atangoweruka, fumbi la mgodi likadali m'makutu.

“Iwe Imrani, ine ndimalowa pansi pa nthaka kuti iwe uzikayenda pamwamba. Ndiye uziba mabatire m'nyumba mwa bambo wako? Lero ndi batire, mawa chidzakhala chiyani?”

“Sindidzachitanso, Ababa.”

“Chosamva anachiphikira m'masamba. Kabweze kachinthuko kwa mwini wake.”

Sanabweze. Anangosintha pobisa.

Tsono kagemuko kanali ndi nthenda ina yoposa zonse: kanayamba kuiwala. Amenye adani tsiku lonse, alumikize mikono ndi miyendo, akangozimitsa, zonse zafufutika. Mawa ayambirenso ndi kaloboti konyozeka kaja. Imrani anathamangira kwa Munir misozi ili lengelenge.

Munir anatsegula kakaseti kamene kamasunga gemuyo, n'kumuonetsa kabatire kozungulira, kaphwatalala ngati ndalama yachitsulo. “Kamene kamakumbukira ndi aka, koma kafa. Ine ndilibe kena. Paja amayi ako ali ndi kamakina ka shuga? Mmenemo muli kofanana ndi aka ndendende.”

“Aaa, ka Amayi ayi.”

“Ndani wati ube? Ukungobwereka, mfana. Umalize gemu, ubwezeremo. Adziwa ndani?”

Umenewo unali mwezi wa Ramadani. A Dalila anali atauzidwa ndi ashehe kuti wodwala saumirizidwa kumanga, ndiko kusala kudya masana. Iwo anakana, ati mtima sungalole kudya anzawo onse akusala. Ndiye anapangana ndi amuna awo komanso anesi kuti azimanga, koma aziyeza pafupipafupi, ndipo nambala ikangotsika amasule pomwepo, dzuwa likhale pamutu kaya ayi. Pangano limeneli analisunga bwino ndithu. Ine ndinawaonapo akumwa madzi a shuga masana, atayeza, popanda manyazi.

Imrani anachotsa kabatire kaja mayi ake ali kosamba, n'kuikamo kakufa. Munir anakamatira ka a Dalila m'kakaseti ndi tepi. Gemu inasiya kuiwala. Loweruka ndi Lamlungu lonse mwana anamenya nkhondo, loboti yake inakula, mpaka anatsala ndi mdani mmodzi yekha, chiloboti chachikulu chomalizira.

Masiku amenewo a Dalila ankangodina kamakina kawo, iko kali duu. Ankaganiza kuti kalowa chinyezi, ndiye amakayanika padzuwa. Lolemba m'mawa, ine ndikutuluka kupita kuntchito yanga yokonza m'zipinda za alendo ku Buffelspoort, ndinawamva akuitana mwana wawo.

“Imrani, taona kamakinaka, sikakuyakabe. Iwe umadziwa zamagetsi.”

Analandira, n'kukatembenuzatembenuza ngati sakudziwa kanthu. “Mwina ndi batire, Amayi.”

“Ndiye ukaweruka kusukulu udzere kusitolo. Popanda aka ine ndine wakhungu, mwanangu.”

“Chabwino, Amayi.”

Ndinawauza kuti, “Amake Imrani, lero musamange. Dikirani kamakina kakonzedwe.”

“Dzulo ndinamanga osayeza, sindinafe,” anayankha akumwetulira. “Mwana abwera nako masana ano.”

Ndinakwera takisi mtima uli m'mwamba. Koma munthu wamkulu ungamumange chingwe?

Zotsatirazi Imrani anandiuza yekha pambuyo pake. Kusukulu sanapite. Kusitolo sanapitenso, poti anadziuza kuti kugula n'kosafunika, kabatire kali m'kakaseti m'thumba mwake momwe. Kukachotsa n'kukabwezera inali ntchito ya kanthawi kochepa. Koma ankadziwa kuti akangokachotsa, gemu iiwala zonse: mikono, miyendo, nkhondo zonse zija. Ndiye anati, “Ndimalize kaye chomalizirachi, kenaka ndibwezera.” Anakakhala kuseri kwa nyumba yawo yomwe, pamene dzuwa limawomba bwino, msana atatsamira khoma.

Chiloboticho sichinali chamasewera. Chinamugwetsa, iye n'kuyambiranso. Chinamugwetsanso. Dzuwa litapendeka anamva mawu kudzera pawindo, ofooka, ngati a munthu wolota.

“Imrani... wabwera?”

Nthawi imeneyo n'kuti atangopeza pofooka pa mdani, kuseri kwa khosi. Gemu yopanda poimitsira. Anakuwa maso ali pagalasi, “Ndikubwera!”

Anamva mpando ukugwa m'nyumba. Anati mwina ndi mphaka.

Ine ndinafika dzuwa litatsala pang'ono kulowa. Makina osokera anali pakhonde, nsalu ikulendewera, mwini wake palibe. Ndinalowa. A Dalila anali pansi pakati pa tebulo ndi kabati, thukuta lili noninoni, thupi lozizira, dzanja litaloza kumene kunali chitini cha shuga. Ndinawagwedeza, ndinawaitana dzina, ndinawapaka shuga m'kamwa. Palibe. Ndinakuwa mpaka mzere wonse unatuluka.

Ndipamene Imrani anatulukira kuchokera kuseri, kagemu kali m'manja, kakuimba kanyimbo kachipambano. Anali atawina.

Ambulansi inachedwa, monga imachitira kwathu kuno. Tinangokhala pansi kuwagwira manja, opanda chochita. Munthu wa ambulansi atafika anafunsa kuti, “Kamakina kawo kali kuti? Bwanji sanayeze?” Imrani anagwada, n'kuyamba kukanganula kakaseti ndi mano, milomo mpaka kuchucha magazi. Anatulutsa kabatire kaja n'kukapereka. Munthuyo anangokayang'ana, n'kumuyang'ananso iye. Che Hassani anali akadali pansi pa mgodi, kumene foni sifika.

A Dalila sanafe. Anatsitsimuka patapita masiku. Koma adokotala anati shuga anakhala wotsika nthawi yaitali, ndipo ubongo unavulala. Kuyenda amayenda, kudya amadya. Amuna awo amawazindikira. Za ku Mangochi, za ali mtsikana, amazikumbukira zonse. Koma zambiri za ku Joni kuno zinafufutika.

Tsiku limene tinapita ndi Imrani kuchipatala, anagwada pambali pa bedi n'kugwira mapazi awo.

“Amayi, ndine. Ndabwera. Ndikhululukireni, Amayi, kabatire ndinatenga ndine.”

A Dalila anamuyang'ana mwachifundo, n'kumusisita mutu. Kenaka anatembenukira kwa amuna awo.

“Mwana waulemu bwanji. Kodi ndi wa yani ameneyu?”

Che Hassani, bambo amene sanalirepo ngakhale mwala utawaphwanya chala mumgodi, anatuluka panja atagwira kukamwa. Ine zinandipweteka, ndipo zikundipwetekabe mpaka lero.

Munir atamva, anati iye anangopereka maganizo, sanagwire munthu dzanja. Shopu yake ikuyendabe.

Imrani analapa, zimenezo sindikana. Kagemu anakaponya m'chimbudzi. Ndiye amene amayeza mayi ake tsiku ndi tsiku, kuwabaya chala mosamala, kuwawerengera nambala. Akamaliza, iwo amati, “Zikomo, achimwene. Mukapereke moni kwa amayi anu.” Iye amayankha kuti, “Akamva,” n'kupita kuseri kwa nyumba, pakhoma pomwe paja, kukalira.

Ana inu, tcherani khutu. Sindikunena kuti kusewera ndi tchimo. Tchimo ndi kulola choseweretsa chikuphunzitseni kuba, kunama, ndi kuyankha makolo kuti “ndikubwera” muli chikhalire. Wakuba sayamba ndi ng'ombe, amayamba ndi batire la rimoti, n'kumati ndikungobwereka. Imrani anadziwa pofooka pa loboti iliyonse, koma pake sanapadziwe. Mu gemu ukagwa umadina batani n'kuyambiranso. Mayi alibe batani. Akakuitanani, siyani chimene chili m'manja, ngakhale chitsale pang'ono chotani, mupite akadakudziwani dzina.