Silinda ya Maziro Anayi

Towela atafika pashopu ya gasi masana a Lolemba limenelo, anapeza malume ake, a Flexon Gondwe, ataima pakhomo, foni ili kukhutu, akulemba manambala pachikhatho. Moni wake sanayankhe. Unali mwezi wa Juni, chiperoni chikutsika m'phiri la Michiru ndi kuzizira kwake konse, koma pamphumi pa bambowa panali thukuta.

"Ika chikwamacho pansi, yatsa kompyuta," anatero atadula foni. "Aimba akukampani kumene timadzazitsa gasi. Akuti masilinda khumi ndi awiri amene anabweretsa Lachinayi ali ndi vuto pa valavu, akutaya mpweya pang'onopang'ono. Onse abwerere lero, munthu asanapse."

Shopuyo inali ku Chilomoni, pafupi ndi pamene maminibasi amakhotera. A Gondwe anaitsegula atapuma ntchito m'boma, kumene anatha zaka makumi atatu akusunga mafayilo. Munthu wotere sakhulupirira mutu wa wina, ngakhale wake womwe. N'chifukwa chake anaika mukompyuta chinthu chimene ankachitcha detabesi, ndipo ankachinyadira kuposa galimoto yawo yakale ija. Munali matebulo atatu. Loyamba linali la makasitomala: dzina, foni, ndi kumene munthu amakhala. Lachiwiri linali la masilinda, iliyonse ndi nambala yake. Lachitatu ndi limene linkalumikiza awiriwo: tsiku lakuti, uje watenga silinda yakuti. Ukafunsa nambala ya silinda, kompyuta inkatsata ulusi umenewo mpaka kukusonyeza khomo limene ili.

Towela anali mu Folomu 3, ndipo ankathandiza pashopupo akaweruka kusukulu komanso Loweruka. Anakhala pampando n'kulemba monga anamuuzira: kuyambira 4401 mpaka 4412. Mayankho anatuluka pomwepo. Masilinda anayi anali atagulidwa, mayina a eni ake ndi mafoni zili pambali. Asanu ndi atatu kompyuta inati akadali m'shopu.

"Ukuona ubwino wake?" anatero a Gondwe, mtima utayamba kutsika. "Anzanga amandiseka, amati ndimafunsa munthu mafunso ngati wapolisi. Lero aseke."

Anaimbira anthu anayi aja, kuwauza kuti atseke gasi, atulutse silinda panja, asayatse moto pafupi. Pamenepo n'kuti Jailosi, bambo wa njinga yamoto amene ankaperekera gasi m'makomo, akukokera panja masilinda otsalawo. Anawerenga kamodzi, kawiri, kenako anakanda m'mutu.

"Madala, apa pali seveni basi. 4409 palibe."

"Kompyuta ikuti ili muno."

"Ndiye kompyutayo itsike idzatithandize kufuna."

Anasuntha masilinda onse a m'shopu, ngakhale opanda kanthu omwe. Sinapezeke. A Gondwe anavula magalasi n'kumuyang'ana Jailosi nthawi yaitali.

"Jailosi, tanena zoona. Sunatengere wina silinda osalembetsa?"

"Ine, madala? Zaka zinayi ndili pano. Mukandithamangitsa pa zimenezi, ngakhale njingayi ikandiseka."

Ankayesa nthabwala chabe. Towela ankadziwa kumene vuto linayambira.

Loweruka lapitalo anatsala yekha pashopu, malume ake atapita kumaliro ku Soche. Anthu anali pamzere, ndipo anzake ankamudikira panja kuti akaonere mpira wamanja. Nambala ya silinda, paja, imadindidwa pachitsulo cha pakhosi, ndipo imabisika ndi penti ndi fumbi. Kuti uiwerenge umayenera kunjuta n'kupala ndi msomali. Towela anayesa kudumpha malo a nambalayo, kompyuta inakana. Anayesa kulemba nambala ya m'mutu, inakananso, inati silinda yotero kulibe. Ndiye anachita nzeru imene tsiku limenelo inaoneka yakupsa: anatsegula tebulo la masilinda n'kulembamo silinda yabodza, nambala 0000. Basi, kompyuta inakhala chete, mzere unatha msanga, mpira anaupeza usanayambe.

"Ankolo," anatero motsitsa mawu, "a Jailosi alibe mlandu. Ndine."

Anafotokoza zonse, maso ali pansi. Ankayembekeza kukalipiridwa, koma a Gondwe anangovala magalasi awo.

"Zokalipa tizisunge, sizivunda. Mayina a anthuwo unalemba oona?"

"Eya, amenewo ndinasankha oona."

"Ndiye ulusi sunaduke wonse. Ifunse kompyutayo kuti silinda yako ya maziroyo inapita kwa ndani."

Panatuluka mayina atatu. Woyamba anayankha foni, anapala silinda yake n'kuwerenga nambala ina. Wachiwiri chimodzimodzi. Wachitatu anali mayi Magdalena Nampinga a ku Nthukwa. Foni yawo inali yozima. Anayesa kanayi.

"Magetsi kulibe kumeneko chiyambire dzulo," anatero Jailosi. "Mafoni onse agona."

Towela anawerenga zimene zinalembedwa pa malo okhala: kumtunda kwa mjigo, nyumba ya mitengo iwiri ya mapeyala, geti la malata. Kale ankaseka malume ake chifukwa cholemba zinthu zotere mukompyuta. Lero anazikopera papepala.

"Ndipite nawo, ankolo. Mayiwo ndikuwadziwa nkhope."

A Gondwe anamupatsa msomali umene unkakhala pakauntala. "Pita. Jailosi, mangirira silinda yabwino kumbuyo, mukasinthe."

Msewu wa ku Nthukwa ndi wa miyala ndi zigwembe, ndipo njinga inkakwera ikulira ngati ikudandaula. Towela anagwira jekete la Jailosi, silinda ikumugunda kumsana.

"Pepani, a Jailosi," anatero pamene anachepetsa liwiro pa mjigo.

"Udzandigulira chipisi. Panopa yang'ana mapeyala."

Anawapeza mayi Magdalena akuchotsa zovala pachingwe. Atamva nkhaniyo, anagwetsa chitenje chimene chinali m'manja.

"Mwanawe, silindayo ilibe muno. Ndinabwereketsa dzulo."

"Kwa ndani, amayi?"

"Kwa Safiya, kuseri kwa tchalitchi uko. Wachira Lachisanu, mwana wamwamuna. Utsi wa mbaula umamutsokomoletsa khandalo, ndiye ndinati ayambe waphikira gasi masabata awiriwa. Ine makala ndinazolowera."

Zimenezi mukompyuta munalibe, ndipo sizikanakhalamo. M'makomo mwathu muno chinthu chimayenda: mpando, poto wamkulu, ayironi, zonse zimadziwa makomo a eni ake angapo. Mayi Magdalena anatsogola wapansi, akudutsa m'tinjira ta pakati pa mipanda, Towela pambuyo, Jailosi akukankha njinga.

Nyumba ya Safiya inali ya chipinda chimodzi ndi pabalaza. Chifukwa cha kuzizira, mazenera onse anali otseka, ndipo pansi pa chitseko anatsekapo ndi chiguduli kuti mphepo isalowe. Mayi Magdalena anagogoda.

"Lowani, n'kosakhoma," anayankha mawu a munthu wachimfine.

Chitseko chitatseguka, fungo linawalandira, lija lokhala ngati kabichi wovunda. Safiya anali atagwada pakona, poto wa madzi osambitsa mwana ali kale pachitofu, bokosi la machesi lili m'dzanja. Khanda linali gone pamkeka, litakutidwa m'mabulangete awiri.

"Asisi, musayatse," anatero Towela. Anadabwa kuti mawu ake anatuluka odekha. "Ndipatseni machesiwo. Tengani mwana, tituluke kaye."

Safiya anayang'ana mtsikana wa yunifolomu amene sankamudziwa, kenako anayang'ana mayi Magdalena.

"Chita zimene akunenazo, mwanawe. Gasiyo akutuluka."

"Ine mphuno zatseka chiyambire Loweruka," anatero Safiya akunyamula mwana. "Mutu umandipweteka, koma ndimati n'chimfine chomwechi."

Jailosi anatsegula mazenera, anamasula chitofu, n'kutulutsa silinda ija kukaiika pakati pa bwalo. Towela ananjuta, anatulutsa msomali, n'kuyamba kupala penti pakhosi pake. Manambala anaoneka imodzi imodzi: folo, folo, ziro, naini. Sizinamutengere ngakhale mphindi imodzi. Anakhala chinjutire pamenepo, akuyang'ana msomaliwo, mpaka misozi inagwera pachitsulo.

"Nanga ukuliranji, poti watipulumutsa?" anafunsa Safiya, akugwedeza mwana paphewa.

"Mukanadziwa za vutoli kale masana, asisi. Ndine ndinachedwetsa. Sindinalembe nambala tsiku limene ndinagulitsa."

Safiya sanamvetse bwino za nambalazo. Anangosendeza bulangete kuti Towela aone nkhope ya khandalo. "Dzina lake Hafizi. Muone, wagona ngati palibe chachitika."

Anadikira mpaka fungo litatheratu m'nyumba. Jailosi anamangirira chitofu pa silinda yabwino, anapaka thovu la sopo pa valavu kuti aone ngati pakutuluka mpweya, ndipo panalibe. Asananyamuke, Towela anapala silinda yatsopanoyo, analemba nambala yake papepala, n'kupemphanso nambala ya foni ya Safiya.

"Zayamba," anatero Jailosi. "Wapolisi wachiwiri wabadwa."

Anabwerera kushopu dzuwa likupendekera ku Michiru. Masilinda ena anayi aja anali atafika kale, a Gondwe atawatenga okha pagalimoto. Anamvetsera nkhani yonse osadula mawu. Atamva za machesi, anakhala pansi pa kreti n'kupukuta magalasi amene anali oyera kale. Kenako anatembenukira kwa Jailosi.

"Ndinakuganizira zoipa. Undikhululukire."

"Zatha, madala. Koma chipisi chikhale cha anthu awiri."

Towela anapita pakompyuta. Ankafuna chinthu chimodzi chokha: kufufuta silinda ya maziro anayi ija, isaonekenso. Anaisankha, anadina batani lofufutira. Kompyuta inakana. Anadinanso, inakananso, ndi uthenga woti pali mizere itatu m'tebulo lina imene ikudalira silinda imeneyi.

"Ankolo, ikukana kufufuta."

A Gondwe anasuzumira paphewa pake. "Ikana kumene. Unamangirirapo anthu atatu. Uyambe wawamasula mmodzimmodzi, aliyense umupatse silinda yake yeniyeni. Ikatsala yokha, ichoka."

"Palibe njira yachidule?"

"Ilipo. Ndi imene unadzera Loweruka."

Towela anatenga pepala limene malume ake analembapo manambala a masilinda a makasitomala awiri aja, anakonza mzere woyamba, kenako wachiwiri. Pa mzere wa mayi Magdalena analemba 4409, n'kusonyeza kuti yabwezedwa. Anatsegula mzere watsopano wa silinda imene anasiya ku Nthukwa, ndipo m'malo a ndemanga analemba kuti: ili kwa Safiya, kuseri kwa tchalitchi, kuli khanda. Atatero anabwerera ku maziro aja n'kudina. Mazirowo anachoka osavuta.

Pakhomo panaima mayi wina ndi silinda yopanda kanthu pamutu.

"Mwatseka kodi? Ndithandizeni msanga, ndasiya ndiwo zosaphika."

"Sititenga nthawi, amayi," anatero Towela. Anamutula mayiyo, anasankha silinda yodzaza, n'kupisa dzanja m'thumba la yunifolomu. Msomali uja unali momwemo. Ananjuta.