Mkono wa Telala

Dzuwa litapendeka, mkazi wa Telala anatulutsa beseni la madzi ofunda pakhonde n'kuyamba kumusambitsa mwamuna wake m'khosi ngati khanda. Telala anakhala pampando atatsinzina, nkhope ili ndwii. Mkono wake wamanja unali m'chikhakha kuyambira pamwamba pa chigongono mpaka m'zala, ndipo wamanzere unabinya, unali m'bandeji. Munthu amene ankalowetsa ulusi pasingano akucheza ndi kasitomala tsopano ankalephera kumanga batani la malaya ake omwe.

"Pang'onopang'ono, mayi! Mukupala nsomba kodi?"

"Ndiye sambani nokha, abambo," anayankha mkaziyo. Koma sanasiye kumupukuta.

Telala anagwa panjinga pamtsetse wa kumlatho, akuchokera kokapereka madiresi. Anagwira mabuleki, mabuleki n'kukana, iye n'kukatera pamiyala atatsogoza manja. Adokotala anati fupa lilumikizana pakangopita milungu ingapo. Milunguyo inapita, akamujambula fupa lili pomwepo. Anamumanga chikhakha china, n'kumuchenjeza kuti zikapitirira chonchi dzanjalo silidzagwiranso singano. Makina ake osokera anali pabalaza atafunditsidwa nsalu, ndipo akamadutsa ankayang'ana kumbali.

Chimene chinkamupsetsa mtima koposa n'kuyabwa. M'kati mwa chikhakha munkayabwa moti ankalakalaka kuchiluma n'kuching'amba. Amene anamumvera chisoni anali a Sipanala, mkulu wokonza njinga wa pamphambano, yemweyo amene anamukonzera mabuleki m'mawa wa tsiku la ngozi. Mkuluyo ankabwera madzulo alionse atavala ovolosi yake ya manja aatali, kaya kutenthe bwanji. Manja ake anali atayamba kalekale kunjenjemera, moti nati ikamupulumuka ankaifuna m'fumbi mpaka kasitomala kutopa.

"Mwana wanga, mlandu ndi wanga," anatero tsiku loyamba. "Manja anga atha. Tenga sipoko ya njinga iyi uzikandira m'katimo."

Asanachoke, anadina phewa la Telala ndi chala chachikulu, monga amayesera mpweya m'tayala. Chinali chizolowezi chake. Aliyense wopatsana naye moni ankadinidwa choncho, ndipo anthu ankangoseka.

Sipokoyo inali yokoma kukandira, Telala ankachita kubuula. Koma kuyambira tsiku limenelo m'chikhakha munayamba kutuluka fungo. Silinali la thukuta kapena la bala. Linali fungo la girisi wakale ndi guluu womatira machubu. Mkazi wake anachapa zofunda, anazikhalitsa padzuwa, fungo osachoka.

Kenako kunabwera phokoso. Kukangoyamba kuchita mdima, kuseri kwa nyumba kunkamveka tiki-tiki-tiki, kulira kwa njinga imene munthu akuikankha pang'onopang'ono. Inkazungulira nyumba n'kuima pawindo la kuchipinda. Agalu a pamudzi ankakhala chete.

"Mwamva, abambo?"

"Ndamva. Musatsegule."

"Njinga yanu si ili m'kachipinda kosungira katundu?"

"Ili momwemo. Gudumu lake ndi lopindika, lingazungulire bwanji?"

M'mawa mkaziyo ankayendera nyumba yonse, koma m'fumbi munalibe mzere wa tayala kapena phazi la munthu. Telala ankadzuka mkono wamanja uli wolemera komanso wotopa, ngati wagwira ntchito usiku wonse. Pansi pa zikhadabo zake pankapezeka zakuda. Mkazi wake akazichotsa ndi kamtengo, mawa lake zinkakhala zabwerera.

Pamjigo nkhani inali itafika kale. Amayi ankawerenga amene anagwapo pamtsetse uja. Panali wogulitsa mkaka amene anathyoka mwendo, mpaka pano amaukoka poyenda. Panali wamakala amene anamenyetsa chifuwa pachiwongolero, n'kutsokomola mpaka kumanda, chonsecho anali chimunthu chonyamula matumba atatu panjinga imodzi. Ena ankati pansi pa mlatho pamakhala chinthu. Ena ankaloza gogo wina wokhala yekha kutsidya, amene tchimo lake linali kukalamba basi. Anthu a m'mudzimo, kunena zoona, anali akatswiri oloza chala kolakwika.

Telala sankafuna kumva za ufiti. Ankafuna mkono wake. Dzanja lamanzere litachira, anauza mkazi wake kuti amuikire singano pakati pa zala zotulukira m'chikhakha. Anayandikitsa ulusi. Zalazo zinayamba kunjenjemera, singano n'kugwa. Anayesanso, inagwanso. Kachitatu anamenya tebulo ndi phazi, mabatani n'kumwazika pansi ponse, ndipo bambo wamkulu analira ngati mwana.

"Manja anga sananjenjemerepo chibadwire! Nanga ine ndizidya chiyani? Ndizisoka ndi mano?"

Madzulo ake a Sipanala anabwera monga mwa masiku onse. Mkazi wa Telala anali atagwada akutolabe mabatani, ndipo singano ija anali ataisowa. Mkuluyo anawerama, n'kuitola pamng'alu wa simenti ndi zala ziwiri. Anatenga ulusi patebulo, n'kuulowetsa kamodzi kokha akuyang'ana nkhope ya Telala ndi kumufunsa mmene waswerera. Atamaliza analuma ulusiwo cham'mbali, n'kubaya singano pakolala ya ovolosi.

Mkaziyo anasiya kutola mabatani. Zaka zonse za banja lawo anaona munthu mmodzi yekha akulowetsa ulusi choncho n'kubaya singano pakolala: mwamuna wake.

"Manja achira, achikulire?" anafunsa motsitsa mawu.

"Ndapezako kamankhwala, mwana wanga," anatero a Sipanala, n'kukokera pansi dzanja la ovolosi.

Atapita, mkaziyo anakhoma chitseko.

"Abambo, a Sipanala aja sankatsimphina kale?"

"Ankatsimphina."

"Anasiya liti?"

Telala anawerenga zaka mumtima. Mkuluyo anasiya chaka chimene wamkaka anagwa.

"Nanga chifuwa chawo chija, chomveka mpaka kumsika?"

Nacho chinatha chaka chimene wamakala anagwa. Telala anakumbukira zimene okwera njinga onse ankadandaula, zoti ukasiya njinga kwa a Sipanala umakaitenga ikuyenda bwino, koma unyolo wako watsopano wasinthidwa ndi wakale. Ukawafunsa ankaseka, n'kunena kuti chakutha satayira kudzala, amachipezera pokhala. Anayang'ana sipoko imene inali pamiyendo pake, n'kuiponya kukhoma. Tiki-tiki uja sanamveke madzulo amenewo.

Kutacha anapita kuchipatala, Telala n'kuumirira kuti achotse chikhakha. Atamujambula, adokotala anadabwa kuti fupa linali lathunthu, losaoneka ngati linathyokapo n'komwe. Namwino anadula chikhakhacho n'kuchikanula. Fungo la girisi linadzaza chipinda.

Telala anali ndi chipsera pamkono wamanja, pamene nsonga ya simbi inamuotcha akuphunzira ntchito. Chipseracho panalibe. Mkono umene unali patebulo unali wowonda, wa khungu lamakwinya, wodzaza timabala takale ta mawaya. Pamwamba pa chigongono panali mzere wozungulira, pomwe khungu lake linkathera n'kuyamba lina.

"Mkono umaonda ukakhalitsa m'chikhakha, bambo," anatero namwino, koma anali atabwerera m'mbuyo.

"Si wanga uwu," anatero Telala. "Mayi, auzeni. Si wanga!"

Anathamangira kumphambano. Chisakasa cha a Sipanala chinali pululu, mulibe pampu, mulibe bokosi la zida. Mayi wogulitsa tomato pafupi anati anawaona mbandakucha akupalasa kulowera kumsewu waukulu, atagwira chiwongolero ndi dzanja limodzi ngati mnyamata. Pamsomali panatsala ovolosi ija. Thumba lake long'ambika linali litasokedwa ndi manja, msoko wake waung'ono, wowongoka, wobwereza kawiri pothera. Telala anauyang'anitsitsa. Msokowo akanauzindikira ngakhale pakati pa zovala chikwi.

Mkwiyo wake unasowa woulandira. Amuna a m'mudzi anatsata msewu mpaka kutopa, n'kubwerako chimanjamanja. Makina osokera anakhalabe ofunditsidwa. Tsiku lililonse Telala ankatenga singano, tsiku lililonse inkagwa. Koma tsiku lina mkazi wake anamupeza m'kachipinda kaja atagwada pa njinga yake, dzanja lamanja likuwongola masipoko limodzi ndi limodzi, iye akuliyang'ana pakamwa pali yasa. Pantchito imeneyo linkanjenjemera pang'ono chabe.

Madzulo amenewo mkaziyo anatulutsanso beseni pakhonde. Anapinda manja a bulauzi n'kuwerama kuti afinye nsalu yopukutira. Mikono yake inali yonenepa bwino, yamphamvu, mikono ya munthu wopopa mjigo m'mawa uliwonse. Dzanja lamanja la Telala linanyamuka pabondo lokha, n'kukagwira mkono wa mkaziyo. Chala chachikulu chinadina kamodzi, chinasuntha pang'ono, n'kudinanso.

"Abambo, mukutani?"

Telala anagwira dzanjalo ndi lamanzere n'kulikoka ndi mphamvu zake zonse, thukuta lili kamukamu.

"Si ine, mayi," ananong'ona. "Tsitsani manja a bulauziyo. Ndipo njinga ija musadzaikwere."