Manda a Kuseri kwa Mpanda

Msonkhano wa akulu a mpingo unatha mochedwa, minibasi yomaliza itapita kale. Telala, amene ankatsogolera kwaya, anatuluka m'tchalitchi mutu ukulemera ngati wasenza mwala.

Nkhani inali ya mtsikana wa m'kwaya yake, woimba mawu apamwamba, amene anadzipha dzulo lake. Maliro anali mawa lake, ndipo funso linali limodzi: mpingo ukaimbe kapena ayi? Mkulu wina anamenya tebulo n'kunena kuti moyo mwini wake ndi Mulungu, lamulo loti usaphe silipatula thupi lako lomwe, ndipo wodzipha amapita tchimo lili m'manja, wopanda mpata wolapa. Mayi wina, namwino, anati mwanayo ankadwala maganizo, ndipo kudwala si kuchimwa. Abusa anati palibe amene akudziwa zimene mtsikanayo analankhula ndi Mulungu pa mphindi yake yomaliza. Koma atakweza manja, okana anapambana ndi dzanja limodzi. Telala sanakweze lake, uku kapena uku.

Njira ya kwawo inkadutsa pa mlatho wa sitima, kenako n'kulambalala manda a m'tauni. Magolosale onse anali atatseka. Ngakhale agalu sankauwa.

Ali pakati pa mlatho anamva mapazi kumbuyo. Anaima. Mapazi aja anaimanso. Anayamba kuyenda... mapazi nawo!

Anacheuka. Panali bambo wamtali, atavala jekete lalitali la alonda, tochi yosayaka ili m'manja.

"Pepani bambo," anatero mlendoyo ndi mawu otopa. "Ndinu aja oimbitsa nyimbo aja?"

"Ndine. Mwandidziwa bwanji?"

"Mwagwirizana zotani kumeneko?"

Telala anadabwa. M'chipinda muja iye ndiye anayamba kutuluka, ndipo panjira sanauze munthu.

"Sitikaimba," anayankha.

Mlendoyo anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wamva zomwe ankayembekezera. Anayamba kuyenda pambali pake.

"Nanga inuyo mumati bwanji? Munthu wotero, Mulungu amamutsekulira?"

Telala anatsegula pakamwa. Mavesi onse amene ankawadziwa pamtima chiyambire ubwana wake anabalalika. Anafuna kunena za chifundo. Anafuna kunena za lamulo.

"Sindikudziwa, achimwene."

"Aliyense amatero," anatero mlendoyo. "Ndafunsa ambiri pano. Ena amathawa. Ena amandilalikira. Ine ndikadali kudikira."

Anafika pansi pa getsi la mumsewu. Telala anayang'ana pansi. Chithunzithunzi chinali chimodzi. Chake!

Anafuna kuthawa. Koma anangopitiriza kuyenda naye. Kumbali imene kunali mlendoyo, dzanja lake linazizira mpaka m'mafupa. Anatchera khutu kuti amve kupuma kwa mnzakeyo... zii.

Mpanda wa manda unaonekera. Mlendoyo anadutsa pageti osakhota, n'kukaima pamene mpanda unathera, pa kanjira kolowa m'thengo.

"Ine kwanga n'kuseri uku," anatero. "Mkatimo anatikaniza."

Kenako anayandikira. Nkhope yake sinkaoneka bwino, koma maso anali onyowa.

"Mwanayo musakamusiye choncho, bambo. Anthu akabalalika, kumakhala chete kwambiri. Ngakhale kanyimbo kamodzi..."

Telala anaphethira. Pa kanjira paja panalibe munthu. Udzu sunagwedezeke n'komwe!

Momwe anafikira kunyumba sakumbukira. Mkazi wake atatsekula chitseko anamupeza atagwada pakhonde, malaya atanyowa, mano akugundana. Anamufunsa kangapo chimene chachitika, koma iye ankangobwereza kuti, "Ndikanakweza dzanja, mayi. Ndikanakweza dzanja."

M'mawa anapita kwa abusa kukapempha kuti akulu akumanenso. Abusa anapukusa mutu mwachisoni. Chigamulo chinali chitalembedwa, anamfedwa atauzidwa kale.

Maliro anayenda mwakachetechete. Dzenje linakumbidwa kuseri kwa mpanda, kumapeto kwa kanjira kaja. A kwaya anabwera m'zovala wamba n'kuima patali, milomo itatsekeka, mkulu womenya tebulo uja akuwayang'anitsitsa. Kunkangomveka mafosholo ndi kulira kwa mayi wa mtsikanayo, amene ankafunsa aliyense womugwira kuti, "Mwana wanga wapita kuti? Ndiuzeni, wapita kuti?"

Pambali pa dzenjelo panali mtumbira wakale wotitimira, utamera udzu, pamutu pake pali kachitsulo kadzimbiri. Telala anayandikira bambo wachikulire wokumba manda, amene ankapukuta thukuta atatsamira fosholo.

"Bambo, amene anagona apawa ndi ndani?"

"Awo? Anali mlonda wa pasiteshoni, wamtali ngati mlongoti. Mkazi ndi mwana anamwalira sabata imodzi, iye n'kulephera kupirira, n'kudzipha. Tinamuika anthu anayi okha, opanda pemphero, opanda nyimbo. Jekete lake lalitali lija ndinamufunditsa ndekha, tochi yake n'kumuikira pambali." Mkuluyo anawerenga zala. "Chaka chino akwanitsa zaka khumi ndi ziwiri ali pansi."

Telala anawerama pa kachitsulo kaja. Dzina linali litafufutika, chaka chokha ndicho chinkaoneka. Kumbuyo kwake dothi loyamba linagwera pa bokosi la mtsikana uja.