Khadi la Sokosi

Rosaria anakumana ndi Matthias pa siteshoni ya maminibasi ku Chongwe, tsiku la mvula yomaliza m'mwezi wa Epulo. Anali atanyamula bokosi lozizira la katemera wa ziweto, lamba wake ataduka, ndipo kondakitala ankakana kulilowetsa poti linkadontha. Mwamuna wina wa shati yoyera anatembenuka, analilandira, n'kuliika pamiyendo pake. Madzi anamunyowetsa buluku mpaka pomwe Rosaria anatsikira, koma sanadandaule ngakhale kamodzi.

Rosaria anali mtsikana wosalankhulalankhula. Anaphunzira za ziweto ku Palabana, kufupi ndi kwawo, ndipo ankathandiza dokotala wa ziweto wa m'bomalo. Mawu okoma sankamugwira mtima msanga. Iye ankaona tinthu ting'onoting'ono: amayi ake kumuikira madzi ofunda asanapemphe, mlongo wake Dingani kumata chubu cha njinga yake osamuuza. Tinthu timeneti ankatitchula m'pemphero, kamodzikamodzi. Choncho munthu wa buluku lonyowa atapempha nambala ya foni, anamupatsa.

Mauthenga anayamba m'mawa mwake.

"Wauka bwanji duwa langa? Ine tulo sinaone."

"Ndiwe mai wa nyumba yanga, ngakhale nyumbayo ikalibe makatani."

Rosaria ankawerengera kuseri kwa khola la mbuzi, akumwetulira yekha. Matthias anamuuza kuti amagulitsa chakudya cha nkhuku m'sitolo ina ku Lusaka, kuti amakhala yekha m'nyumba ya lendi, kuti makolo ake anamwalira kalekale. Loweruka ankabwera ku Palabana atanyamula buledi wa amayi, n'kukhala pampando waung'ono, chipewa chili pabondo.

Pakhomo pawo panali galu wamkazi dzina lake Dona, wa malemu bambo ake a Rosaria. Pa maliro awo Dona anagona pakhomo la kuchipinda masiku atatu osalawa kanthu. Kuchokera pamenepo Rosaria sanamuonenso ngati galu wamba. M'mwezi wa Juni Dona anaswa ana atatu atakalamba kale, mkaka wosakwanira, ndipo anapulumuka mmodzi yekha, wakuda, wa mapazi anayi oyera. Rosaria anamulera ndi botolo n'kumutcha Sokosi.

Ndiye tsiku lina Matthias anadandaula kuti akaweruka kuntchito nyumba imakhala zii, wolankhula naye palibe. Rosaria anaganiza sabata yathunthu. Angamupatse chiyani choposa chimene analera ndi manja ake? Anabaya Sokosi katemera wa chiwewe, anamulembera khadi monga amachitira ndi galu aliyense, dzina la galu, dzina la mwini wake, tsiku, ndi siginecha yake pansi. Dingani anang'ung'udza. Amayi anangoti ngati wamukhulupirira, mupatse.

"Nizamusunga monga mwana wathu woyamba," anatero Matthias atafungata kagaluko. "Azagona pa kapeti, bebi. Ukabwera uzapeza ana ako awiri tikukuyembekeza."

Masabata oyamba zithunzi zinkabwera. Kenaka kamera ya foni akuti inawonongeka, ndipo kunatsala mawu okha. "Sokosi wanenepa, akuyewa amai ake." Rosaria akati akaone, Matthias ankati mtsikana wa mapemphero salowa m'nyumba ya mwamuna mbale zisanafike kwawo. Yankho limenelo linkamukondweretsa.

Anagwirizana kuti mbalezo, ziwiri zovundikirana zimene nkhoswe amabweretsa pofunsira mbeta, zifike pa tsiku la Khrisimasi anthu akachoka kutchalitchi. Amalume ake a Rosaria, a Sanford, anabwera kuchokera ku Katete. Dingani anapaka laimu nyumba yonse. Amayi anapatula atambala awiri n'kuyamba kuwadyetsa madeya paokha.

Kutatsala masiku awiri, kunamveka kuti galu wachiwewe waluma mbuzi ku Bundabunda. Rosaria ndi anzake a kuntchito anatumizidwa kukatemera agalu onse a m'midzi yozungulira. Anaika tebulo pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi dibi la ng'ombe, anthu n'kufola ndi agalu awo, ena pa zingwe za luzi, ena pa lamba wa buluku.

Dzuwa litafika pamutu panafika mayi wina wobereka khanda, akukoka galu wowonda, nthiti zonse zili poyera. Fungo linafika patsogolo. M'khosi mwa galuyo munali waya amene analowa m'mnofu, bala likutuluka mafinya, ntchentche zili wirr. M'makutu munadzaza nkhupakupa zonenepa ngati nandolo. Rosaria anaonapo zambiri pantchito yake, komabe zotere anali asanazionepo.

Galuyo atangomva fungo lake anayamba kulira chapansipansi. Anakwawa chamimba mpaka pa nsapato zake, n'kukodza pomwepo. Rosaria anayang'ana mapazi. Anali ndi matope, koma pansi pa matopewo anali oyera, onse anayi.

"Ali na khadi, sista," anatero mayiyo akumasula pamfundo ya chitenje. "Sinidziwa ngati afunika nyeleti ina ya katemera."

Khadilo linali lopindapinda, lothimbirira ndi utsi. Zilembo zinali zake. Siginecha inali yake. Pa mzere wa mwini galu panali Matthias Mwaba.

"Ba Matthias ni ndani wanu, amai?"

"Ni atate a ana. Tili nao atatu, uyu ndiye wothera, ali na miyezi isanu." Anagwedeza khanda kumsana. Anati dzina lake ndi Virginia, ndipo poona kuti sista akuyang'anitsitsa balalo anachita manyazi n'kuyamba kufotokoza. Wayayo anamanga ndi mwamuna wake, poti galu ankathawa kulowera kumsewu tsiku ndi tsiku. Iye anayesa kumasula koma analibe pulayala. Mwamunayo amabwera kamodzi pamwezi, ndipo chakudya cha ana chikachepa galu ndiye amayamba kugona ndi njala.

Rosaria anafunsa kumene galuyo anachokera. Mawu ake anatuluka bwinobwino, iye mwini anadabwa.

Virginia anaseka pang'ono. "Ati anapatsidwa na kamtsikana ka vet kamene kamawavutitsa pa foni. Ati kalibe nzeru, kamapatsa munthu galu monga ni mphete. Na Khrisimasi ino sazabwera, ali pa duty. Anangobwera Sande kuzatenga mbale zanga ziwiri za pa kitchen party ya ukwati wathu, ati ku ntchito kuli chikondwerero."

Rosaria ananyansidwa. Sichinali chisoni, chisoni chinabwera pambuyo pake. Chinali ngati wapeza mphutsi m'chipatso chimene wadya kale theka. Mauthenga onse aja, duwa langa, mai wa nyumba yanga, anawalemba ndi zala zomwe zinapotokola waya uyu? Buledi uja wa amayi anamuchotsa pakamwa pa ana ati?

Anatenga pulayala m'bokosi la zida. Anadula wayayo pang'onopang'ono, anatsuka bala, anachotsa nkhupakupa imodziimodzi. Mzere wa anthu unadikira. Atamaliza anavula magolovesi n'kumuyang'ana mayiyo kumaso.

"Kamtsikana ka vet ni ine, amai. Sin'nadziwe za imwe, Mulungu ni mboni. Mbale zanu zibwera kwathu mkucha."

Virginia sanakuwe. Anayang'ana khadi, anayang'ana Rosaria, kenaka anakhala pansi pa muzu wa mango. Khanda linkamukoka duku. Potsiriza anadzuka, anaika chingwe cha galu m'dzanja la Rosaria n'kulitseka ndi lake.

"Mutengeni akachire. Koma mbale zanga nizifuna. Anagula ni amai anga."

Madzulo ake Rosaria analowa pakhomo atanyamula Sokosi m'katoni. Amayi anasuzumiramo, n'kuyang'ana mwana wawo. Anapita kukateleka madzi, anathiramo mchere, anabwera ndi nsanza yoyera. Dona anadzuka movutikira, ananunkhiza katoniyo mbali zonse, n'kuyamba kunyambita mwana wake kumutu. Apo m'pamene Rosaria analira, ndipo nkhani yonse anaifotokoza ali chogwada pambali pa beseni.

Dingani anafuna kukwera basi ya ku Lusaka nthawi yomweyo. A Sanford anamukhazika pansi. Anati munthu amene wasankha kubwera ndi mwambo ayankhidwe ndi mwambo, ndipo foni ya Rosaria isayankhe kanthu kufikira mbale zitafika.

Foniyo sinasiye kulira. "Mawa uzakhala wanga pamaso pa anthu, switi." Rosaria anaiika chafufumimba pawindo. Kungoigwira kunkamuchititsa kufuna kusamba m'manja.

Pa Khrisimasi, atachoka kutchalitchi, galimoto yobwereka inaima kumsewu. Matthias anatsalira m'menemo monga mwa mwambo. M'nyumba munalowa nkhoswe wake, a Chileshe, mnzake wa kuntchito, atavala jekete lomukulira. Anagwada, anaomba m'manja, anaika pamphasa mbale zokutidwa ndi chitenje chatsopano. Analankhula bwino kwambiri za mnyamata wofatsa, wamasiye, wosowa womuphikira.

A Sanford anamvetsera mpaka kumapeto. Kenaka anaitana Rosaria, amene anakhala pansi pafupi ndi amayi ake.

"Mphwanga, alendo awa abwera m'dzina la Matthias Mwaba. Kodi munthu ameneyu umudziwa? Ngati umudziwa, vundukula mbale."

"Nimudziwa, amalume. Nidziwa na akazi ake, ba Virginia, na ana atatu ku Bundabunda." Anayang'ana a Chileshe. "Mbale izi ni za pa kitchen party yao. Azifuna lelo."

A Chileshe sanadabwe, ndipo chimenecho chinamunyansa Rosaria koposa. Anangoyang'ana pansi, thukuta likutsikira m'kolala. Munthu wamkulu, wa mphete pachala, kugwada pamphasa ya mayi wamasiye tsiku lobadwa Ambuye, akudziwa zonse! A Sanford anakankhira mbalezo kwa a Chileshe ndi nsonga za zala, zosavundukula, n'kumuuza kuti Dingani akwera nawo galimotoyo mpaka akaone mbale zitalowa m'manja mwa mwini wake.

Matthias ataona nkhoswe akutuluka ndi katundu yemwe analowa naye, anatsika n'kuthamangira kumpanda. Suti yake inali yatsopano, perefyumu akumveka patali. Rosaria anatuluka kukakumana naye.

"Bebi, mvera. Uja mkazi tinasiyana kalekale, ni ana chabe amene..."

"Khanda lili na miyezi isanu, ba Matthias."

"Ni satana anafuna kutisokoneza, duwa langa. Ine nikonda iwe weka. Nilumbire pa Baibulo?"

Rosaria anachoka pampanda. Anabwerera pakhonde, ananyamula Sokosi, anafika naye pampanda n'kusendeza bandeji kuti bala lioneke. Matthias anabwerera m'mbuyo atagwira mphuno.

"Aka ni kagalu chabe," anatero. "Ungataye ukwati chifukwa cha galu?"

"Munati ni mwana wathu woyamba. Naona mmene musungira ana."

Anatembenuka. Kumbuyo kwake anamva Dingani akutsegula chitseko cha galimoto n'kunena mwaulemu woopsa kuti alamu akwere, ulendo wa ku Bundabunda ndi wautali.

Atambala awiri aja anali ataphikidwa kale, ndipo amayi anati chakudya sichinalakwe. Anaitana oyandikana nawo. Dingani anabwera dzuwa litapendeka, nsapato zili matope, n'kungonena kuti mbale zafika, ndipo Virginia wazitsuka kawiri asanazilowetse m'nyumba. Mbale yake ya mpunga anaipeza yovundikira, ntchafu ili pamwamba.

Asanabalalike, a Sanford anapempha Rosaria kuti atseke tsikulo ndi pemphero. Iye anazengereza, poti pagulu sankapemphera mokweza. Koma anagwada. Anathokoza chifukwa cha amayi ake ndi madzi awo amchere. Anathokoza chifukwa cha mlongo wake, ndi amalume amene anakwera basi kuchokera ku Katete kudzalandira mkamwini koma n'kukhala mpanda wake. Anatchula Dona. Anatchula Sokosi, amene anamva ululu miyezi itatu kuti iye asaumve moyo wake wonse. Anapempherera Virginia ndi ana ake atatu, kuti nawonso adye lero.

Anafika pa dzina lina n'kuima. Anthu anadikira, maso ali chitsinzire. Anayesa, koma pakamwa panakana.

"Ameneyo, Ambuye, mumudziwa ndimwe," anatero potsiriza. "Ine nikalibe mphamvu. Amen."

"Amen," anayankha amayi ake, n'kumusanjika dzanja pamsana. Sanalichotse msanga.