Mafuta pa Mpango wa Breshna

Chaka chimene Tajbar anakwatira Breshna, m'mudzi mwawo kumapiri a Kohat munalibe banja lomwe anthu ankalisirira ngati limenelo. Mwamuna akamachokera kubusa, mkazi ankamudikira pachipata ndi tiyi, awiriwo n'kumaseka ngati ana.

Mimbulu itamugwirira nkhosa zitatu m'nyengo yachisanu, Tajbar anapita ku Darra kukagula mfuti yatsopano, ija imadzilowetsera yokha chipolopolo china ukangowomba. Inabwera itamatidwa girizi wokhuthala, ndipo iye sankadziwa poyambira. Wodziwa anali Niamat, mwana wa bambo ake aang'ono, yemwe anagwirapo ntchito kwa osula mfuti. Koma mudzi wonse unkakumbukira kuti Niamat ndiye anayamba kufunsira Breshna, makolo a mtsikanayo n'kumukana.

Niamat anayala nsalu pabwalo n'kuiphwasula mfutiyo chidutswachidutswa. Anakulunga kansanza kunsonga ya kachitsulo kowonda, nakalowetsa mumpope, kansanza n'kutuluka katada bii.

"Achimwene, girizi uyu mukapanda kumuchotsa, mmbulu mudzachita kuumenya ndi thako la mfuti," anatero Niamat. "Tsono mafuta ndi kadontho chabe, apa pokhulana zitsulo. Mukachulutsa, fumbi limakakamira."

Kuseri kwa chitseko Breshna anaseka nthabwala ya mmbuluyo. Tajbar anakumva kusekako, ndipo kunamubaya ngati munga.

Nsanje, abale, sifuna munda waukulu. Kambewu kamodzi kakagwera mumtima wokayika, mawa ndi tchire.

Wothirira mbewuyo anali Torpekai, mlongo wake wa Tajbar, yemwe sanamukondepo mlamu wake Breshna.

"Inu mukakhala kubusa, mumadziwa amene amalowa pachipata chanu? Niamat ndamuona kawiri ndi maso angawa. Amuna akukusekani kumzikiti."

Tsiku lomwelo Tajbar anaona banga la mafuta kumphepete kwa mpango wa mkazi wake. Anaukoka n'kuununkhiza. Anali mafuta a mfuti.

"Zala za ndani zagwira mpango uwu?"

"Zanga zomwe! Mfuti yanu ikatola fumbi pakhomapo ndimaipukuta."

"Wabodza iwe! Mkazi ndi mfuti zinayambira liti? Ndani amanunkha mafuta amenewa m'mudzi muno?"

"Opani Mulungu, inu. Kafunseni amayi anu chomwe Niamat amadzera."

"Usatchule dzina la galu ameneyo m'nyumba mwanga!"

Anamukankhira kukhoma natuluka. Amayi ake anali gone m'chipinda chinacho, mtunda wa mapazi khumi okha, koma sanakawafunse. Munthu wansanje amaopa yankho lomwe lingamulande mkwiyo wake.

Lachisanu m'mawa Tajbar anayala nsalu pabwalo. Anaiphwasula mfuti monga anamuphunzitsira Niamat, anapukuta mpope mpaka kuwala, nadonthezera mafuta pokhulana zitsulo, osachulutsa. Mapemphero a masana atatha, anakaima panjira ya kumunda.

Niamat anatulukira atanyamula khasu paphewa. Ataona mfutiyo anamwetulira.

"Ha, yawala bwino, achimwene! Mwaphunzira."

"Mpango wa mkazi wanga unaufuna chiyani?"

"Mpango uti?"

Mfuti sinakanire. Inalira katatu motsatizana, Niamat n'kugwa chafufumimba m'ngalande ya madzi.

Kukhoti ku Kohat, amayi ake a Tajbar anachita kuwanyamula pampando. Analankhula osamuyang'ana mwana wawo. Niamat, anatero, ankabwera kudzawapatsa mankhwala a mawondo. Iwo ndiwo anamupempha kuti asanene, poopa kuti mwana wawo achita manyazi kuti wina akusamalira amake. Breshna sankatuluka n'komwe Niamat akabwera. Za mafutazo, anamuonapo mpongozi wawo kambirimbiri akupukuta mfuti ndi mpango, akunyadira chinthu cha mwamuna wake.

Torpekai atafunsidwa chomwe anaona, anati anangoona munthu akulowa pachipata, basi.

Woweruza analamula kuti Tajbar akakhale kundende moyo wake wonse. Alongo ake a Breshna anamutenga mlongo wawo tsiku lomwelo, ndipo apolisi akumutulutsa Tajbar, iye anamuitana kawiri, koma mkaziyo sanacheuke.

Tajbar anapatsa chitsulo m'mawa wathunthu, kuchisuzumira paliponse pobisala dothi, koma mawu a mkazi wake sanawapatse ngakhale mphindi imodzi. Lero ali ndi zaka zonse za moyo wake zoti awasinkhesinkhe, m'kachipinda momwe palibe amene amabwera kudzamuona.