Kamaginito ka Bambo Pesi ndi Galimoto Yofiira

Mu mpanda wonse umene timakhala ife a mtundu wa Aparsi ku Dadar, mu mzinda wa Mumbai ku India, munalibe nyumba yaulemu ngati ya a Pesi Motafram. Bambowo anali makaniko wopuma pantchito, munthu wosadziwa kukweza mawu. Akazi awo, mai Goolcher, akaphika dhansak Lamulungu, fungo la nyama ndi mphodza linkakwera mpaka kwa anthu okhala pamwamba penipeni. Ana analipo awiri: Shernaz, amene ukwati wake unali mu Disembala, ndi mlongo wake Dinyar, mnyamata wa zaka makumi awiri ndi zinayi.

M'chipinda chosungira katundu munali bokosi lachitsulo, ndipo m'bokosimo munali gara, sari (nsalu yaitali imene akazi amavala) ya silika yopetedwa mbalame zoyera ndi manja. Agogo awo a mai Goolcher anakwatiwa atavala imeneyo, amayi awo chimodzimodzi, iwonso chimodzimodzi. Tsopano inkadikira Shernaz.

Dinyar sankamwa, sankasuta. Matenda ake anali galimoto zakale zothamanga, zija za mipando iwiri zopanda denga. Anasunga malipiro ake zaka zitatu, ndiye pamene anati agule, zinapezeka ziwiri.

Yoyamba inali yobiriwira, ya mai Homai, amasiye a pa mdadada wachitatu. Malemu amuna awo anaisamala zaka makumi anayi kuposa mmene ankasamalira mai Homai eniakewo, zimenezo aliyense akudziwa. Penti inali itazilala, mipando itang'ambika.

"Ndikupatsa pa mtengo wachibale, mwanawe," anatero mai Homai. "Koma Lamulungu lililonse uzindipititsa kukachisi. Ndazolowera mpando uwu."

A Pesi anavula jekete, nagona chagada pansi pa galimotoyo. Atatuluka anatulutsa m'thumba kamaginito kokulunga m'kampango, nayamba kukaika pazitseko, pamwamba pa matayala, paliponse. Pena paliponse kankamata nga!

"Waona?" anatero. "Maginito amagwira chitsulo chokha. Pamene akana kugwira, dziwa kuti amatapo phala lotsekera mabowo n'kupakapo penti. Iyi ndi chitsulo yonse. Gula."

Dinyar anayang'ana mipando yong'ambikayo, nadziona akudutsa m'mbali mwa nyanja, atsikana akuyang'ana, pambali pake pali gogo wovala mpango kumutu.

"Ndiyambe ndaona inayo, ababa."

"Kwa Fali? Tenga aka." Anamuika kamaginito m'manja. "Ndipo ukagone pansi. Galimoto imaonedwa ndi msana, osati ndi maso."

Fali Daruwala tonse tinkamudziwa. Mu Mumbai ukangolemba kuti galimoto inali ya Mparsi, mtengo umakwera, poti anthu amati ife timapukuta ndi injini yomwe. Ndiye Fali ankagula zophwanyika, kuzilembetsa mwezi umodzi m'dzina la amalume ake ogontha amene sanagwirepo chiwongolero chibadwire, basi, zasanduka za Mparsi! Amayi onse a mu mpanda ankadziwa. Dinyar yekha ndiye anali asanamve, kapena anamva n'kutseka makutu.

Anapita atavala thalauza yoyera. Galimotoyo inali psuu, yonyezimira mwakuti munthu ukanametera ndevu pachitseko. Fali analiza injini, malata a galaja n'kunjenjemera.

"Ya Mparsi iyi, bwana wamng'ono! Mwini wake mmodzi, mkulu wopemphera. Ukufunanso umboni wanji?"

Dinyar anapisa dzanja m'thumba.

"Aaa, usandiuze kuti watenga kachidole ka a Pesi!" Fali anaseka mpaka kugwira mimba. "Ugone m'mafutamu ndi thalauza imeneyo? Mparsi mnzako ukumuyesa ndi maginito? Pita ukagule ngolo ya agogo ija, uzikawanyamulira mankhwala a nyamakazi."

Dzanja linatuluka m'thumba lopanda kanthu.

Ndalama zake sizinkafika pa mtengo wa yofiirayo. Fali anamukoka paphewa, natsitsa mawu. "Akazi anga sagona nayo tulo gara ya mayi ako ija. Ibwere imeneyo, makiyi ndi ako. Nsalu imene imaona dzuwa kamodzi pa zaka makumi atatu, ndani aidandaule?"

"Ndi ya ukwati wa Shernaz."

"Disembala ndi kutali, iwe. Udzakhala utapeza nzeru."

Lamulungu lotsatira anadya dhansak, ndipo monga mwa chizolowezi nyumba yonse inagona tulo ta masana. Dinyar analowa m'chipinda cha katundu. Anamasula kansalu koyera kokutira gara, natulutsa garayo, naikamo katani yakale, namanganso mfundo momwe inaliri. Ankayembekezera kuti achita mantha. Ayi ndithu. Anangomva ngati akusuntha katundu wa munthu wina.

Lachitatu yofiira inalowa mu mpanda, hutala ili pii pii! Anthu anatuluka m'makonde. Mai Goolcher, osadziwa kanthu, anabwera ndi mbale ya mwambo: anaikoleka nkhata ya maluwa, kuidinda kadontho kofiira pamphumi, n'kuswa kokonati patsogolo pake.

"Ikutengere kwabwino kokhakokha, mwana wanga," anatero.

A Pesi anatsika masitepe pang'onopang'ono. "Kamaginito kanga."

Dinyar anawapatsa. Anakaika pachitseko. Kanagwa pansi, ngwee! Anakatola, nakaika kumbuyo kwa tayala. Ngwee! Kachitatu chimodzimodzi. Mkuluyo anagwada, nasuzumira pansi nthawi yaitali.

"Izi ndi galimoto ziwiri," anatero podzuka. "Mutu wa ina, matako a ina, aziwotcherera pakati. Unagona pansi?"

"Ababa, Fali anati ndi ya Mparsi."

"Ndiye Mparsiyo ndi amene adzagwire chitsulo chikamathyoka? Ndalama zinakwana bwanji?"

"Ananditsitsira."

"Fali kutsitsa mtengo." A Pesi anapukuta manja. "Mvera, Dinyar. Ukafuna kufa, ufe wekha. Usanyamule munthu m'menemu."

Dinyar anamvera milungu iwiri. Kenako panafunika kukapereka makalata oitanira ku ukwati kwa achibale a ku Lonavala, poti akuluakulu a kwathu kalata ya papositi amaiona ngati chipongwe. A Pesi anali atapita kwa dokotala wa maso.

"Tiye pa yofiirayo," anatero Shernaz. "Kapena ukuisungira atsikana ako osaonekawo?"

"Ababa anakaniza."

"Ababa amakaniza ndi ayisikilimu yemwe. Iwe, ndikukwatiwa ine, ndikwereko kamodzi tsitsi liuluke!"

Dinyar ankadziwa kuopsa kwake. Pamene ankamutsekulira chitseko ankadziwa. Koma kukana kukanakhala kuvomera kuti bambo ake ananena zoona.

Popita zonse zinayenda bwino. Pobwerera, dzuwa likadali pamutu, akutsika msewu wokhotakhota wa m'mapiri, tayala linamenya dzenje. Panamveka phokoso ngati munthu wathyola nzimbe. Chiwongolero chinangozungulira chokha m'manja mwake, ndipo mbali imene kunali Shernaz ndiyo inakamenya chipupa cha miyala.

Dinyar anatuluka ndi kachilonda pachigongono. Anaima pamsewu kuyang'ana maluwa ouma a nkhata ija ali mbwee paphula. Anthu ankakuwa, ena akumugwedeza. Iye anangoyang'anabe maluwawo.

Kuchipatala dokotala anati msana wathyoka pansi, miyendo siidzayendanso. Mai Goolcher anakomoka. A Pesi anakhala pabenchi, chipewa chili pamaondo. Dinyar anapita kukagula tiyi, anabwera naye, nakhala atamugwira mpaka anazizira.

Patapita milungu itatu, Hormazd, mnyamata amene ankayembekezera kukwatira Shernaz, anabwera kudzanena kuti ukwati ulipobe, kaya pa chikuku kaya pabedi. Mwana wa anthu ameneyo Mulungu amudalitse. Shernaz anamwetulira koyamba.

"Amayi, mawa mundibweretsere gara. Ndingoigwirako."

Dinyar anali pomwepo pawindo. Anali ndi tsiku lathunthu loti alankhule. Sanalankhule.

M'mawa mwake mai Goolcher anaika phukusi pabedi, namasula mfundo mosamala. Katani yakale ya maluwa achikasu, yodyedwa ndi njenjete. Anaitembenuza, naitembenuzanso, ngati mbalame zija zabisala kuseri. Shernaz sanayang'ane nsaluyo. Anayang'ana mlongo wake.

"Ndi imene inakwanitsa mtengo, eti?"

"Eya."

"Ndiye ndinaikwera ndithu gara yanga," anatero, natembenukira kukhoma.

Panalibe amene anamumenya. Panalibe amene anamutukwana. Bola akanatero.

A Pesi anapita okha kwa Fali kukapempha nsaluyo. Fali anatambasula manja. "Mwana wanu anagula ndi maso ake, achimwene. Ndinamuletsa kugona pansi ine?" Ndipo mwezi womwewo akazi a Fali anaoneka ku mpikisano wa mahatchi atavala gara ija, ataipinda molakwika, m'mphepete mukukwekwereza fumbi. Anaiona ndi maso anthu anayi a mu mpanda mwathu, mmodzi mpaka anatsika shuga.

Ukwati unachitika mu Febuluwale, Shernaz atavala sari yoyera ya m'sitolo. Yobiriwira ija mai Homai anagulitsa kwa dokotala wina wa mano, ndipo Lamulungu lililonse imatuluka pageti, gogoyo ali pampando wake, injini ikulira bwinobwino ngati wotchi.

Tsiku limene chikuku cha Shernaz chinafika, a Pesi sanalole kuti mwana wawo akhalepo msanga. Anagona chagada pansi pabalaza, munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri, kuyang'ana polumikiza paliponse. Kenako anatulutsa kamaginito. Kanagwira. Atamaliza sanakabwezere m'thumba. Anakamata pachitsulo cha chogwirira cha kumanja, pamene pamakhala dzanja la wokankha.

Hormazd akakhala kuntchito, wokankha chikukucho ndi Dinyar. Madzulo alionse amazungulira naye bwalo la mu mpanda katatu, chala chake chikukhudza kamaginito kaja. Sanayendetsenso galimoto. Wapepesa kambirimbiri, ndipo Shernaz amati anamukhululukira, koma miyendo siinamve zimenezo.

Ana inu, musati simunauzidwe. Dinyar sanayambe ndi kuba. Anayamba ndi kuchita manyazi kugona pansi pamaso pa munthu womuseka, chifukwa cha thalauza yoyera. Kunyada kunamutengera ku kuba, kuba kunamutengera ku bodza, ndipo wolipira anakhala mlongo wake amene sanalakwe kanthu. Chinthu chikakunyezimirani, chiyeseni, ngakhale wogulitsayo atakhala wa mtundu wanu ndi wa kachisi wanu. Ndipo makolo akakuikani chenjezo m'manja, musalisiye m'thumba.